Nyumba ya ku Skarvholm

Sandvika, 10 Meyi 1964

Wokondedwa mkazi wanga Dagny,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino, iwe ndi mlendo amene wamunyamulayo, komanso bambo anga. Ine kuno ndili gwa. Msana wokha ndiwo ukudandaula, poti unazolowera kukoka nsomba osati miyala.

Ndinafika bwino, ndipo m'mawa mwake anandipatsa chisoti ndi chitsulo choboolera. Ntchito yathu ndi kuboola phiri lija timaliona tili kwathu kukacha bwino, kuti msewu wochokera ku tauni ya Bodø udutse m'mimba mwake nkufika pano pa Sandvika. Gulu lina layambira mbali inayo, ndipo akuti tidzakumana pakati. Taganiza, Dagny, mwamuna wako amene anthu ankati sadziwa china koma ukonde, lero akutsegulira magalimoto njira m'phiri!

Timagona m'chinyumba chachitali cha matabwa. Amatiphikira ndi mayi Aslaug, amasiye a konkuno, amene lilime lawo likhoza kusenda mbatata. Bedi loyandikana ndi langa ndi la Kolbein, munthu wa kumwera, wa ku nkhalango zija kumene munthu amachita kukalamba asanaone nyanja. Tsiku loyamba lomwe anandiyamba dala.

"Iwe wa kumpoto, pachilumba chanucho mulipo angati?"

"Nyumba zisanu," ndinatero.

"Zisanu! Ndiye iwe ukayetsemula, mudzi wonse umagona ndi chimfine?"

"Kwathu munthu aliyense ali ndi dzina," ndinamuyankha. "Si kwanu kumene mumawerengana ngati mitengo yocheka."

"Tadyani, opusa inu," anatero mayi Aslaug. "Phiri silidziboola lokha."

Koma dziko lathuli ndi lalitali, Dagny. Kolbein akuti pobwera kuno anagona m'sitima ya pamtunda, kudzuka, kukwera ya pamadzi, kusanza, kugonanso, koma mbendera ili yomweyo. Anthu ochepa ngati ife, osakwana ndi mamiliyoni anayi omwe, kusunga gombe lonseli mwala ndi mwala! Ndikaganiza zimenezi ndimayenda chifuwa chili patsogolo.

Tsopano nkhani ya pepala lija. Ndinapita ku ofesi ya khonsolo, ndipo zimene ananena mnansi wathu Oddvar ndi zoona. Boma lithandiza anthu a pachilumba chathu cha Skarvholm kusamukira kumtunda kuno pokhapokha nyumba zonse zisanu zitasaina. Ikatsala imodzi, palibe wothandizidwa, ndipo tonse tikhala pomwepo. Zinayi zasaina kale. Yatsala yathu, ndipo popeza nyumba ndi ya bambo, dzanja lofunika ndi lawo. Usawakakamize, ukudziwa kuti munthu uja ukamukankha amamera mizu. Koma mwana adzabadwa mu Disembala, ndipo ine sindifuna kuti nyengo ya mdima, pamene dzuwa silituluka, idzakupeze pachilumba ndi khanda, dokotala ali tsidya lino. Kamodzi kaja kanakwana.

Ndatumiza ndalama, makorona mazana awiri. Ugule khofi ndi ufa boti la makalata likafika, ndi fodya wa bambo. Abakha a m'nyanja ayamba kubwera, choncho uwayalire udzu wa m'nyanja wouma m'timakola tawo, ndipo mphaka atsekeredwe m'nyumba mpaka ataswa. Chikuni cholemera usanyamule.

Ndine mwamuna wako,
Eilif

Sandvika, 14 Juni 1964

Wokondedwa Dagny,

Kalata yako ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti mseru wasiya ndi kuti bambo chifuwa chapepuka. Inenso ndili bwino, ndikudya ngati anthu awiri.

Dzuwa lasiya kulowa, ndipo Kolbein watsala pang'ono kupenga. Wakhoma bulangete pazenera koma tulo ayi. Dzulo amvekere, "Dziko lanji limene ngakhale dzuwa silidziwa nthawi yoweruka?" Ndinamuuza kuti alidyeretu, mu Disembala adzalifuna ndi nyali.

Khala pansi, mkazi wanga, ndikuuze. Malo ndawapeza! Khonsolo ikugawa malo kwa anthu osamuka m'zilumba, ndipo ine ndinalawira m'mamawa anzanga akadali kuzengereza. Ndatenga abwino koposa onse. Ali m'mphepete mwa msewu watsopano, kuseri kwa chitunda, kumene mphepo ya kuzambwe siifika nkomwe. Dothi lake ndi lakuya, ndinalowetsa fosholo yonse osagunda mwala. Pali mitengo, Dagny, mitengo yeniyeni yomera yokha, osati ija timatola pagombe nyanja ikalavula. Sitolo ili pafupi, nyumba ya namwino ukhoza kuifika phala lili pamoto. Kolbein anawayendera nkunena kuti ngakhale kwawo malo otere munthu akhoza kukwatira nawo mwana wa m'busa.

Uwauze bambo akwere boti la makalata sabata ya mawa adzaone okha. Maso akaona, mtima umafewa. Ndikufunanso ndikawalowetse m'phiri aone kumene tafika, chifukwa tsopano ukaima kumapeto kwa mphangayo, kukhomo kumangooneka ngati kandalama.

Zimene walemba za mkazi wa Oddvar zandiwawa. Munthu amene mwachapira limodzi zaka zonsezi nkukudutsa pachitsime ngati sakukudziwa, chifukwa choti bambo sanasaine! Usamuyankhe. Nawonso ali ndi ana a sukulu, ndipo atopa kuwatumiza kukagonera kwa eni tsidya lino. Zikatheka zonsezi ziiwalika.

Nthenga za abakha usagulitse kwa munthu wa m'boti uja, amatsitsa mtengo dala. Usunge zina zofewa bwino za kabulangete ka mwana. Nsapato kuno zakwera mtengo, ndangosoketsa zakale zomwe zija.

Wako,
Eilif

Sandvika, 5 Julayi 1964

Dagny,

Ndikhulupirira uli bwino. Ine thupi lili bwino.

Walemba kuti bambo chibwerereni kuchokera kuno sakulankhula, ndipo ukufunsa chimene chinachitika. Ndikuuza monga zinakhalira.

Ndinawalandira padoko atavala jekete lawo la ku tchalitchi. Tinayenda mpaka pamalo paja, ine ndikulongolola njira yonse ngati wogulitsa mankhwala. Anaima pakati, anatembenukira uku, natembenukira uko, kenaka anati, "Nyanja ili kuti?"

"Ili kuseri kwa chitundachi, bambo. Ubwino wake ndi umenewo, mphepo siifika."

"Ndiye ndikadzuka ndidzadziwa bwanji kuti kunja kwacha bwanji?"

"Amanena pa wailesi."

"Wailesi ili ndi zenera?"

Ndinaseka, ndimayesa akucheza. Ndinawaonetsa pamene tidzaike nyumba, nkuwafotokozera kuti tidzaiphwasula mtengo umodziumodzi, kuipakira m'boti, nkudzaimanganso pano. Pamenepo nkhope inasintha. Anati mitengo ya nyumba ija anaitola pagombe ndi agogo, pachilumba chopanda ngakhale chitsamba, ndipo inagwirana kalekale ndi mchere. Anati, "Ukaiphwasula udzangotsala ndi nkhuni. Ukaisiya idzakhala khola la nkhosa za anthu. Iwe sankha chimene ukufuna, koma dzanja langa usaliwerengere."

Ndinapsa mtima, Dagny. Ndinatchula dzina la malemu Inga, mwana wathu. Ndinawakumbutsa mmene tinaimira pagombe, mwana akubanika, boti likulephera kutuluka. Anangovala chipewa nkuyamba kutsetserekera kudoko. Ndinawathamangira nkuwapempha kuti tingopita akaone mphanga, poti ili pafupi. Anati, "Una wa mbewa ndinauonapo kale." Mau amenewa andipweteka kuposa onse, sindikubisira.

Madzulo ndinakana chakudya, ndipo mayi Aslaug anandiitanira kukhitchini. Nditawafotokozera, sanandimvere chisoni ngakhale pang'ono.

"Unawatengera bambo ako a Ragnvald kuseri kwa chitunda? Munthu amene wakhala akudzukira nyanja chibadwire?"

"Ndi malo abwino koposa, mayi."

"Abwino kwa mbatata. Iwe unabadwira pamwala koma waganiza ndi mutu wa Kolbein. Idya nsombayo, usandionongere."

Ndaganiza kwambiri. Malowo ndi abwino ndithu, ndipo sindinalakwe kuwafuna. Koma sindikudziwa chochita. Udzu wa nkhosa upemphe wina akuthandize kumweta, umulipire ndi nsomba zouma za pathandala. Iwe usakwere pamiyala yoterera ija.

Eilif

Sandvika, 9 Ogasiti 1964

Wokondedwa mkazi wanga,

Moni kwa iwe ndi kwa bambo. Usadabwe ndi kalembedwe kachilendoka. Dzanja langa lamanja lavulala pang'ono pantchito, ndiye ndapempha Kolbein kuti andigwirire cholembera. Si nkhani yoti munthu nkutaya nayo tulo. Ndikudya, ndikuyenda, ndipo kapitawo wandipatsa ntchito yopepuka yoyang'anira mosungira mafuta mpaka nditachira.

Ndachedwa kuyankha chifukwa cha zomwezi. Zakuti boti la makalata lisiya kuima pa Skarvholm chisanu chikayamba ndazimvanso kuno, ndipo ndi zoona. Ndiye kuti ufa, mankhwala, zonse muzidzadalira boti la Oddvar, munthu amene sakulankhula nafe. Wanena kuti sungawasiye bambo okha pachilumba, ndipo ine sindingakuuze kuti uwasiye. Ndikuganizabe.

Mlamu, apa ndikulemba ndine Kolbein, iye watuluka kukasuta. Asakunamizeni. Mwala unagwa kudenga la mphanga, zala ziwiri zapita, chaching'ono ndi chinzake. Akanapanda kundikankha ukanagwera ine pamutu. Namwino anamumanga magazi asanathe, poti ali pafupi. Sanalire, anangotukwana m'chilankhulo cha kwanucho mau amene ine sindinawamvepo. Musamuuze kuti ndakuuzani, ali ndi dzanja lina.

Ndabwera. Ndikuona Kolbein watalikitsa kalata, akuti walemba za nyengo. Ndatumiza ndalama zochepa mwezi uno, udzandikhululukire. Bambo usawauze za dzanjali.

Mwamuna wako,
Eilif

Sandvika, 30 Ogasiti 1964

Dagny wanga,

Ndalemba ndekha, ndi zala zimene zatsala, choncho zilembo zikamayenda ngati nkhanu upirire. Inde, ndadziwa zimene analemba wa kumwera uja, ndipo ndamukhululukira. Bala likupola bwino. Iwe ukupeza bwanji? Walemba kuti mwana akumenya mateche usana wonse. Ameneyo ndi wa kumpoto weniweni.

Phiri taliboola! Lachinayi tinayamba kumva zitsulo za anzathu a mbali inayo zikugogoda m'mwala. Kapitawo anasonkhanitsa gulu lonse nkunena kuti bomba lomaliza aphulitse Eilif, poti phirili lamudya kale msonkho. Ndinakanikiza ndi dzanja lamanzere. Fumbi litatsika, mphepo ya tsidya linalo inatiwomba kumaso, ndipo pabowo panatulukira mutu wa munthu wakuda bii ndi fumbi, amvekere, "Kuno nkuti, abale?" Tinakuwa ngati ana. Anthu a pa Sandvika chikhalire akhala akuzungulira phiri limeneli ndi boti, ena anamira pomwepo. Tsopano nkhalamba ikhoza kulidutsa ndi ndodo, mutu uli wouma. Ndinalira, Dagny, ndipo sindinachite manyazi.

Tsopano tchera khutu, ndipo ndime iyi uwawerengere bambo mokweza.

Malo aja ndabweza. Ndasinthanitsa ndi thanthwe la pa Neset, pansonga penipeni pamene mtunda umathera m'nyanja. Kalaliki wa ku khonsolo anachita kuvula magalasi. Anati, "Bambo, mukusiya dothi nkutenga mwala umene ngakhale mbalame zimaukana?" Ndinati kwathu mwala wotere timautcha munda. Nyanja ili mbali zitatu, Skarvholm amaoneka bwinobwino, ndipo msewu ukudutsa chakumbuyo kwake, moti kwa namwino si kutali. Anzanga a m'gulu akundithandiza Lamulungu lililonse kuphulitsa ndi kusalaza, malipiro awo ndi khofi wa mayi Aslaug basi.

Nyumba sitiiphwasula. Masabata amene ndakhala ndikulondera mafuta aja ndimangoyang'ana migolo yopanda kanthu itaunjikana kuseri, mpaka nzeru inabwera. Kapitawo wavomera kutibwereka. Tidzaikweza nyumba yathunthu, kuigubuduza pamitengo mpaka pagombe madzi ataphwa, kuimangirira migolo pansi ndi m'mbali, ndipo madzi akamadzaza adzainyamula okha. Kenaka maboti adzaikoka mpaka kuno. Mitengo ija inabwera ndi nyanja, kuyandama imakudziwa kale.

Bambo, ndi mau anga amenewo. Nyumba yathunthu, pamwala, nyanja ili pamaso. Ngati pali china chimene ndaiwala, nenani.

Dagny, zikatheka tidzafuna tsiku labata, ndipo masiku otere akutha. Undiyankhe ndi boti lomwelo.

Eilif

Sandvika, 20 Seputembala 1964

Wokondedwa Dagny,

Kalata yako yandisowetsa mtendere. Ine ndili bwino, koma iwe miyendo yatupa, mutu ukuwawa, ndipo mzamba wanena kuti upite ku Bodø tsopano lino, ukakhale kwa azakhali ako pafupi ndi chipatala mpaka nthawi itakwana. Ndiye iwe ukulemba kuti udikira kaye nkhani ya nyumba ithe. Ayi, mkazi wanga. Chikwatirane sindinakulamulepo kanthu, ndipo ukudziwa kuti ndikadayesa ukadandiseka. Lero ndikukupempha, kwera boti la Lachitatu. Bambo akhoza kudziwiritsira nsomba masabata ochepa, anachita zimenezi iwe usanabadwe.

Yankho lawo ndalimva. Walemba kuti utawawerengera anatuluka, nazungulira nyumba akugogoda mtengo uliwonse ndi chigamu cha nkhwangwa, ndipo atalowa anangoti, "Ndidzasaina nyumba ikadzaima pamwalapo, osati isanaime." Ndi bambo anga enieni amenewo. Sanavomere, sanakane, angotipachika tonse pa mbedza imodzi.

Oddvar anabwera kuno dzana kudzagula mafuta, ndipo ndinamutchingira padoko. Poyamba amayang'ana kumbali. Nditamufotokozera anandiyang'ana ngati ndaledzera.

"Nyumba pa migolo? Eilif, mwala uja unakugwera padzanja kapena pamutu?"

"Boti lako ndilo lamphamvu pachilumba ponse. Popanda iwe sizitheka."

"Nanga ikamira pakati panyanja?"

"Ikamira bambo sasaina."

Anatafuna fodya wake uja. Kenaka anati, "Ndiye kuti ana anga, mkazi wanga, mudzi wonse, tonse tidzayandama pa migolo yakoyo?"

"Tonse."

"Basi zingwezo ndidzamanga ndekha. Iwe ndi zala zakozo ungamange mfundo ya nsapato yokha."

Wanyamula kale migolo ina paulendo wobwerera, yotsala adzatenga sabata ino. Anzanga a m'gulu avomera kuwoloka nane, ndi Kolbein yemwe, ngakhale akuti akafera panyanja tidzamuike pansi pa mtengo. Chimene chatsala ndi nyengo. Sabata yonseyi mphepo yakhala ikuwomba kuchokera kuzambwe, ndipo pamapiri payamba kuyera. Khonsolo ikuti pepala likapanda kufika chaka chino, nkhani idzayambirenso poyamba. Sindikuuza zimene ndimaganiza ndikaima pa Neset nkumayang'ana mafunde.

Ndaika makorona makumi asanu a ulendo wako. Utenge malaya aubweya aja, ku Bodø mphepo yake ilibe ulemu. Mbale zosachedwa kusweka uzikulunge m'nsalu nkuziika m'bokosi usananyamuke, zina zonse uzisiye mmene zilili.

Lachitatu, Dagny.

Mwamuna wako,
Eilif

Neset, 11 Okutobala 1964

Wokondedwa mkazi wanga Dagny,

Moni kwa iwe ndi kwa azakhali. Ndakondwa kumva kuti kutupa kwatsika ndi kuti adokotala akukuona sabata iliyonse. Ine ndili bwino, bambo ali bwino. Taona pamwamba pa kalatayi pamene ndalembera. Ndili pathebulo lako, m'khitchini mwako.

Mphepo inagwa Lachisanu, ndipo tinawoloka tsiku lomwelo. Kolbein anasanza njira yonse panyanja yosalala ngati mbale. Pachilumba ndinapeza amuna onse atasonkhana, ndi akazi omwe. Mkazi wa Oddvar anabwera ndi mphika wa msuzi wa nsomba, nandifunsa za iwe maso ali pansi. Tinachotsa dothi lofolera denga ndi kugwetsa chumuni cha njerwa kuti nyumba ipepuke. Bambo amangoyang'ana, manja kumbuyo. Pamene tinaikweza, nyumba inalira kamodzi, koma palibe mtengo umene unasuntha. Agogo ankadziwa ntchito yawo.

Loweruka m'mamawa ndinapita kumanda kukamutsanzika Inga m'malo mwa tonse awiri. Ndinapeza pali posesedwa kale, ndi miyala yoyera yoikidwa mozungulira. Sindinafunse kuti wachita ndani.

Madzi atayamba kudzaza, migolo inayamba kugundana pansi, ndipo nyumba inadzuka pang'onopang'ono. Oddvar anakuwa kuti aliyense akwere m'maboti. Titawerengana, bambo panalibe. Kuyang'ana, utsi ukutuluka pazenera la kuchipinda! Anali atatulutsira paipi ya mbaula pamenepo nkukoleza moto.

"Bambo, tulukani!" ndinakuwa. "Ikapendekeka mufera momwemo!"

Anatsegula zenera la kukhitchini. "Nyumba yopanda munthu siyenda panyanja. Kokani."

"A Ragnvald, musatichititse mlandu!" anatero Oddvar.

"Iwe Oddvar, ndinakuphunzitsa kupalasa ukadali ndi mamina. Koka."

Tinakoka. Maboti atatu kutsogolo, lina kumbuyo logwira kuti isazungulire. Dagny, ndikanakonda ukanaona! Nyumba yathu yofiira ija, makatani ako ali m'mazenera, ikuyenda pakati panyanja utsi uli tolotolo. Sitima ya pagombe inatipeza pakati, inachepetsa liwiro kuti mafunde ake asatigwetse, ndipo inaliza lipenga. Anthu anadzaza m'mbali mwake akugwedeza zipewa. Ndinaimirira m'boti ndi kukuwa kuti, "Ndife a ku Skarvholm!" ngakhale sakanandimva.

Titadutsa pakati, pamalo paja madzi amakokana, kunabwera mafunde aatali ochokera kunja. Mgolo umodzi unapulumuka, kenaka wina, ndipo ngodya ya kuchipinda inayamba kumwa madzi. Oddvar anandipatsa chiwongolero, nalumphira m'kabwato ndi chingwe m'kamwa, ndipo Kolbein, munthu amene amaopa ndi beseni lomwe, analumphira naye. Anaibweza migolo ija, atanyowa mpaka m'chiuno. Ali pakalikiliki choncho zenera linatsegukanso.

"Oddvar! Ukuyendetsa ngati wakuba bwanji? Khofi wanga watayika."

"Pepani, a Ragnvald," anatero Oddvar mano akugwedezeka, "msewu wake ngwokumbika."

Tinafika pa Neset madzi atadzaza bwino, monga tinafunira. Sandvika yense anali pagombe, ndi gulu lathu la m'phiri, ndi mayi Aslaug akulamula aliyense ngati kapitawo. Anthu amene sitikuwadziwa ndi maina omwe anagwira zingwe. Tinaigubuduza pamitengo kukwera thanthwe, bambo akadali momwemo, mpaka inafika pamaziko. Ine ndinali nditakonza kale kuti zenera la kukhitchini, pamene pamakhala mpando wawo, liloze ku Skarvholm. Tinayamba kuitembenuzira komweko.

Pamenepo ndi pamene anatuluka. Anaponda pamwala, anayang'ana nyanja mbali zonse zitatu, nagwedeza mutu. Kenaka anabwera kwa ine pamaso pa anthu onse nkugwira dzanja langa lamanja. Ndinayesa kulibisa m'thumba koma anakana. Analitembenuza, naliyang'ana nthawi yaitali. Iwe unawauza, ndikudziwa, ndipo sindikukwiyira.

"Basi yochokera ku Bodø idzatulukira pati?" anafunsa.

Ndinaloza kukamwa kwa mphanga, kumene kumaoneka bwino kuchokera pathanthwepo.

"Tembenuzani nyumbayi," anatero. "Zenera ili liloze uko."

"Bambo, Skarvholm ali mbali iyi."

"Skarvholm ndikumudziwa, sathawa. Nyanja ndidzaimva ndili chigonere. Mdzukulu wanga adzatulukira m'phiri limene waboola mwana wanga, ndipo ndikufuna ndidzakhale woyamba kuona."

Oddvar ndiye anakuwa kuti, "Mwamva, anthu inu, tembenuzani!" ndipo tinaitembenuza. Pepala anasaina madzulo omwewo pathebulo ili, nalipereka kwa Oddvar m'manja, ndipo nyumba zina zinayi zisamuka chisanu chisanalimbe.

Mbale sizinasweke, kupatula kapu imodzi. Pansi pa kuchipinda panyowa, ndikuumitsa. Chumuni timanga sabata ino, njerwa ndagula kale, ndipo nkhosa Oddvar aziwolotsa Lachiwiri. Msewu autsegula mwezi wa mawa. Iwe udye bwino, umvere adokotala, usadere nkhawa za kuno.

Ndawauza bambo kuti Disembala akadali kutali ndipo basi siinayambe nkuyenda komwe. Akuti akudziwa. Koma pamene ndikulemba pano akhala pampando wawo, avala jekete la ku tchalitchi, maso ali ku phiri.

Ndine mwamuna wako,
Eilif, mwana wa Ragnvald